Loboti yojambula ikasiya kumva: kufufuza vuto la serial pakati pa kompyuta ndi bolodi

Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Fomu 4 amene timakhala naye kuno ku Matawale, anandipeza Loweruka lina m'mawa ndikutsuka njinga. "Amalume, loboti ija yafa," anatero, nkhope ili gwa. Tinali titatha milungu itatu tikuimanga: bolodi la Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kolamula zonse), CNC Shield (bolodi lolumikizirapo mamota) pamwamba pake, timabolodi tiwiri ta A4988 toyendetsa mamota, mamota awiri a stepper a NEMA 17, ndi servo yaing'ono ya SG90 yokweza ndi kutsitsa peni, zonse zitakhomedwa pathabwa limene kalipentala wina wa ku Mpondabwino anatipalira. Dzulo lake inali itajambula mapu a Nyanja ya Chilwa bwinobwino. Tsikulo inangoti zii. Pomwe amadzandiuza n'kuti atazula kale mawaya a mamota, atasinthanitsa timabolodi tija, ataikanso Grbl, pulogalamu ya mkati mwa Arduino imene imalamula mamota, kawiri konse. Titakhala pansi tinapeza kuti Serial Monitor, windo loyankhulirana ndi bolodi la mu pulogalamu ya Arduino IDE, inali yotsegula kuseri kwa mawindo ena, itagwira port, khomo limene uthenga umadutsira popita kubolodi, ndiye pulogalamu yotumiza G-code, malamulo ouza peni koyenda, inkakanizidwa kulowa. Mamota analibe mlandu.

Ndikulemba izi chifukwa ndaona anzanga angapo, ena a ku Chirunga, ena ongophunzira okha kunyumba, akuwononga zipangizo zodula pofunafuna vuto kumene kulibe. Uthenga wochoka pakompyuta umadutsa malo angapo usanafike pansonga ya peni: pulogalamu yotumiza, port, chingwe cha USB, kachipangizo kamene kamasandutsa USB kukhala serial (njira imene Arduino imatumizira ndi kulandirira uthenga), Grbl mkati mwa Arduino, A4988, kenako mota. Ntchito yanu ndi kupeza pamene uthengawo ukuthera, ndipo muyambire kukompyuta kulowera kupeni. Musayambire kumota chifukwa choti ndi kumene maso akuona kuti sikukuyenda.

Musanakhudze kanthu, tengani kope ndi cholembera. Chilichonse chimene mwasintha muchilembe, ndipo muzisintha chinthu chimodzi, kuyesa, kenako china. Mukasintha chingwe, port ndi baud (liwiro la uthenga) nthawi imodzi loboti n'kuyamba kuyenda, simudziwa chimene chinali cholakwika, ndipo mawa vutolo likabweranso muyambanso pachiyambi. Chachiwiri, zimitsani magetsi a 12V opita ku shield. Pamasitepe atatu oyambirira sitikuwafuna, Arduino imadya za ku USB. Ndipo chenjezo ili ndilinene pano pomwe: musazule kapena kulumikiza waya wa mota pamene 12V ili yoyaka. A4988 imapsa nthawi yomweyo, ndipo kuno ku Zomba ina simuipeza tsiku lomwelo.

Choyamba: kodi kompyuta ikuliona bolodi?

Pa Windows tsegulani Device Manager, muyang'ane pansi pa mutu wa Ports, kenako mubaye chingwe cha USB maso ali pomwepo. Payenera kutulukira mzere watsopano wokhala ndi nambala, monga COM3 kapena COM7. Zulani, mzerewo uchoke. Bayaninso, ubwerere. Nambala imene ikubwera ndi kuchoka ndiyo yanu. COM1 imene imangokhalapo nthawi zonse pamakompyuta ambiri a padesiki si yanu, ndipo anthu ambiri amasankha imeneyo chifukwa ili pamwamba. Dziwaninso kuti mukasintha bowo la USB pa laputopu, Windows imatha kupereka nambala ina, pulogalamu yanu n'kumafunafunabe yakale.

Pakatulukira mzere wokhala ndi kachizindikiro kachikasu, makamaka wolembedwa kuti USB2.0-Serial kapena dzina lofanana nalo, ndiye kuti driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira bolodi, palibe. Yang'anani kachipangizo kakuda kamene kali pafupi ndi bowo la USB pabolodi. Arduino Uno yeniyeni imakhala ndi ATmega16U2, koma mabolodi ambiri otchipa amene amafika m'manja mwathu ali ndi CH340, yopangidwa ndi kampani ya WCH ya ku China, ndipo imafuna driver yakeyake. Fayilo yake imatchedwa CH341SER. Ndi yaing'ono, siyitha bandulo. Mukaitsitsa muisunge pa flash, chifukwa tsiku limene mudzaifunenso mudzakhala muli pamalo opanda netiweki.

Pakapanda kutulukira kalikonse, ngakhale kachizindikiro kachikasu, kayikirani chingwe kaye. Nyali ya ON kuyaka pabolodi sikutanthauza kuti chingwe chili bwino. Mkati mwa chingwe cha USB muli mawaya awiri a magetsi ndi awiri a uthenga, ndipo zingwe zambiri zotchajira mafoni zimene timagula pamsika zili ndi a magetsi okhaokha. Amene muli ndi Nano kapena bolodi lina la bowo laling'ono, vuto limeneli ndi lanu kwambiri. Uno imagwiritsa ntchito chingwe chonga cha pulinta, choncho bwerekani cha pulinta imene mukudziwa kuti ikusindikiza, muyesere. Chikhale chachifupi. USB 2.0 malire ake ndi mamita 5, koma pafupi ndi mamota ine sindipyola mita imodzi ndi theka, ndipo sindilumikiza kudzera pa hub.

A Linux, lembani dmesg mutangobaya chingwe. CH340 imaoneka ngati /dev/ttyUSB0, pamene Uno yeniyeni imaoneka ngati /dev/ttyACM0. Mukauzidwa kuti mulibe chilolezo, dziikeni mugulu la dialout ndi lamulo lakuti sudo usermod -a -G dialout kutsatira dzina lanu la pakompyutapo, kenako mutuluke n'kulowanso, apo ayi sizigwira. Pa Ubuntu 22.04 palinso kapulogalamu kotchedwa brltty, kothandiza anthu osaona kugwiritsa ntchito zipangizo za braille, kamene kamalanda CH340 ikangobayidwa. Port imaoneka kamphindi n'kusowa. Ngati pakompyutapo palibe amene amadalira braille, kachotseni.

Chachiwiri: dikirani moni

Kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanapereke moni, ndipo Grbl ilinso chimodzimodzi. Nthawi iliyonse port ikatsegulidwa, Uno imadzuka mwatsopano chifukwa cha waya wa mkati wotchedwa DTR, ndipo pakapita sekondi imodzi kapena ziwiri imalemba mzere woyamba ndi dzina lake ndi nambala, monga Grbl 1.1h, n'kukuuzani kuti mulembe $ mukafuna thandizo. Mzere umenewu ndiwo umboni woti chingwe, driver, port, baud ndi Grbl zonse zili moyo. Musapite patsogolo musanauone.

Tsekani mapulogalamu onse amene angagwire port: Arduino IDE, Universal Gcode Sender (UGS), LaserGRBL, Cura ngati muli nayo, ndi script iliyonse ya Python imene mwina sinatsekeke bwino. Port ya serial imalandira mlendo mmodzi basi. Wachiwiri amauzidwa kuti Access is denied kapena kuti port ili busy. Ndi zimene zinachitikira mnyamata wanga uja. Mukatseka zonse, tsegulani pulogalamu imodzi yosavuta, Serial Monitor kapena PuTTY, musankhe port yanu, baud muike 115200.

Apa pali zinthu zitatu zimene zingachitike, ndipo chilichonse chikukuuzani nkhani yake.

Moni akabwera woyera, pitani pa sitepe yotsatira.

Pakabwera zilembo zosokonekera, ngati papalasa nkhuku, sangalalani pang'ono, chifukwa bolodi likuyankhula, kungoti liwiro lanu ndi lake sizikugwirizana. Pa serial palibe waya wa wotchi woti mbali ziwiri ziziyendera limodzi. Mbali iliyonse imawerenga nthawi payokha, ndipo zimangodalira kuti zinapangana liwiro limodzi. Wina akamatumiza pa 115200 mnzake n'kumamvetsera pa 9600, womvetserayo amadula uthenga pamalo olakwika, zotuluka zake n'zimenezo. Grbl 0.9 ndi 1.1 zimayankhula pa 115200. Grbl 0.8 yakale inkayankhula pa 9600, ndipo malangizo ambiri akale a pa intaneti amatchulabe nambala imeneyo. Ngati bolodi lanu ndi Mega yokhala ndi RAMPS yochokera ku pulinta ya 3D, mwina muli Marlin m'malo mwa Grbl, imene kawirikawiri imakhala pa 250000 kapena 115200. Yesani manambalawa mmodzimmodzi, nthawi iliyonse mukudina batani la RESET pabolodi. Pa PuTTY onetsetsaninso kuti data bits ndi 8, parity palibe, stop bit ndi 1, ndipo flow control mwaizimitsa.

Pakangoti zii, osatuluka ngakhale chilembo chimodzi, zulani USB, muchotse shield yonse pamwamba pa Arduino, muyesenso ndi Uno yokhayokha. Moni akabwera shield itachotsedwa, vuto lili pa shield, ndipo nthawi zambiri ndi A4988 yobayidwa mozondoka kapena yopsa imene ikukokera 5V pansi. Pini yolembedwa EN pakabolodiko iyenera kugwirizana ndi EN ya pa shield. Bwezerani timabolodito kamodzikamodzi mpaka mupeze kolakwa. Moni akapanda kubwerabe, ikaninso Grbl kudzera pa chitsanzo cha grblUpload mu Arduino IDE. Kuikako kukatheka bwinobwino, dziwani kuti njira ya serial ili bwino, chifukwa pulogalamu imalowa mu Uno kudzera pamawaya omwewo a TX (wotumiza) ndi RX (wolandira). Kukakanika, yang'anani ngati pali chinthu cholumikizidwa pa mapini 0 ndi 1, monga Bluetooth ya HC-05. Mapini awiriwa ndi omwewo amene USB imagwiritsa ntchito, ndipo awiri sangayankhule pakamwa pamodzi.

Pali mayeso ena otchedwa loopback amene anthu amakonda kulangiza: kulumikiza RESET ku GND (mbali ya negative ya magetsi), TX ku RX, kenako kulemba zilembo n'kuona ngati zikubwerera. Pa Uno yeniyeni ndi othandiza. Pamabolodi ena a CH340 amalephera ngakhale bolodi lili bwino, choncho musataye bolodi chifukwa cha mayeso amenewo okha.

Chachitatu: yankhulani nalo

Moni mwamuona. Lembani $$ n'kutumiza. Payenera kutsika mndandanda wa manambala kuyambira $0 mpaka $132, pomaliza mawu akuti ok. Koperani mndandanda wonsewo muusunge mufayilo, komanso mulembe m'kope muja manambala amene munasintha nokha. Tsiku lina mudzafunika kulemba $RST=* kuti mufufute zonse, ndipo mudzathokoza kuti munasunga.

Mukalemba $$ koma osayankhidwa, pamene moni anabwera, yang'anani pansi pa Serial Monitor. Pali kabokosi kamene nthawi zina kamakhala pa No line ending. Grbl siyamba kuwerenga lamulo mpaka itaona chizindikiro chakuti mzere watha, ndiye imangokhala chete kudikira, inu mukuyesa yafa. Sinthani mukaike pa Newline. Njira yachangu yotsimikizira kuti vuto ndi limeneli ndi kutumiza chizindikiro cha funso, ?, chokha. Chimenechi Grbl imayankha nthawi yomweyo popanda kudikira kutha kwa mzere. Ikayankha ? koma osayankha $$, vuto ndi mathero a mzere basi. Musasankhe Both NL & CR ngati mukulemba script yanu, chifukwa Grbl imatenga chilichonse mwa ziwirizo ngati kutha kwa mzere, n'kuyankha ok kawiri pa lamulo limodzi, ndipo script yowerenga ma ok imasokonezeka.

Yankho la ? liwerengeni bwino. Mawu oyamba akakhala Idle, bolodi lakonzeka. Akakhala Alarm, Grbl yadzitsekera, ndipo G-code iliyonse imene mungatumize idzabwezedwa ndi error:9. Izi zimachitika kwambiri pamene $22 ili pa 1, kutanthauza kuti makina akufuna homing, ndiko kukagunda maswitchi a malire kuti adziwe poyambira, asanayambe ntchito, pamene loboti yanu ilibe n'komwe maswitchi a malire. Lembani $X kuti mutsegule, ndipo ngati maswitchiwo mulibedi, ikani $22=0, $21=0 ndi $20=0. Akakhala Hold, wina anadina pause. Tumizani ~ kuti ipitirize.

Chachinayi: mpata wolekanitsa mlandu

Sitepe iyi ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imagawa vuto pawiri. Kwezani peni ndi dzanja, muike ngolo yake pakati pa thabwa, muyatse 12V. Tumizani G21, kenako G91, kenako G1 X10 F500. Mwauza makina kuti ayende mamilimita 10 kuchokera pamene ali. Mukalandira ok, tumizani ? muyang'ane manambala otsatira mawu akuti MPos kapena WPos.

Nambala ya X ikasintha ndi 10 koma mota osagwedezeka, serial yanu ilibe vuto ngakhale pang'ono. Lekani kusintha baud, lekani kusintha zingwe. Grbl yamva, yawerengera, yatumiza ma pulse ku A4988, ndipo m'maganizo mwake peni yayenda. Mamota a stepper sabweza uthenga wonena kuti azunguliradi, ndiye Grbl imakhulupirira zimene yatumiza. Vuto lili kutsogolo: tengani multimeter muyeze ngati 12V ikufikadi pamasikulu a shield, muone fyuzi ya pa shield, muone ngati A4988 yakhala bwino. A4988 imafuna magetsi a mota oyambira 8V mpaka 35V, choncho 5V ya USB singayendetse kanthu. Gwirani shafti ya mota pamene lamulo likuyenda. Ikakhala yofewa, magetsi sakufika kapena EN sikugwira. Ikamanjenjemera osazungulira, mawaya anayi aja asokonezeka: pezani awiriawiri amene ali koyilo imodzi poyeza ndi multimeter, magetsi atazimitsidwa, ndipo awiri a koyilo imodzi akhale moyandikana papulagi. Ikamalira n'kumadumpha masitepe, onani kasikulu kakang'ono ka Vref pa A4988, kamene kamaika malire a magetsi opita ku mota. Pa A4988 yokhala ndi ma resistor olembedwa R100, 0.8V pa kasikuluko imapereka pafupifupi 1A, ndipo pa loboti yongokoka peni simufunika kufika pamenepo.

Mota ikayenda koma mtunda wolakwika, si serial ayi, ndi $100 ndi $101, manambala a masitepe pa milimita imodzi a X ndi Y. Werengerani nokha. NEMA 17 wamba imachita masitepe 200 pa kuzungulira kumodzi. Majampala atatu onse akakhalapo pansi pa A4988, sitepe iliyonse imagawidwa pa 16, kukhala 3200. Lamba wa GT2 ali ndi mano otalikirana mamilimita 2, ndipo pulley ya mano 20 imakoka mamilimita 40 pa kuzungulira kumodzi. 3200 kugawa ndi 40 ndi 80. Grbl yatsopano imabwera ndi 250, ndiye mukaiwala kusintha, chithunzi chimakula kupitirira katatu, ngolo n'kukagunda kumapeto.

Chachisanu: lamulo limodzi likuyenda, fayilo yonse ikukanika

Apa ndi pamene olemba script zawo amagwa, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa zimaoneka ngati nkhani yongowerenga fayilo n'kuithira mu port. Grbl pa Uno ili ndi malo osungira zilembo 128 zokha zimene zafika koma sizinawerengedwe. Pa 115200, chilembo chilichonse chimatenga ma bit 10, kutanthauza zilembo pafupifupi 11,500 pa sekondi. Malo aja amadzaza m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, pamene peni ingafune masekondi angapo kujambula mzere umodzi. Zilembo zofika malo atadzaza zimangotayika, mwakachetechete. Zotsatira zake ndi chithunzi choyamba bwino kenako n'kudumpha zigawo, kapena mzere wautali wodula pepala lonse chifukwa X125.4 inafika ngati X15.4, kapena ma error:1 ndi error:2 pamizere imene mukaiwerenga mufayilo ili bwinobwino.

Mankhwala ake ndi ulemu womwe uja wa pakhomo la eni: odi kamodzi, dikirani akuyankheni. Tumizani mzere umodzi, dikirani ok kapena error, kenako wotsatira. Musaike sleep pakati pa mizere n'kuganiza kuti mwathana nazo, chifukwa mizere ina imatenga nthawi yaitali kuposa ina. Universal Gcode Sender imachita zonsezi yokha, ndipo imapitirira apo powerengera zilembo zimene zili m'njira kuti malo aja asakhale opanda kanthu. Choncho script yanu ikamavuta, yendetsani fayilo yomweyo pa UGS. Ikayenda bwino kumeneko, cholakwa chili mu script.

Mu script ya Python ndi pyserial mulinso misampha itatu. Woyamba, mukatsegula port dikirani masekondi awiri, mufufute zimene zafika, kenako muyambe kutumiza. Mukathamangira, mizere yoyamba, imene nthawi zambiri ndi G21 ndi G90, imagwera pa bootloader, kapulogalamu kamene kamayamba Arduino ikangodzuka, n'kutayika. Wachiwiri, tsegulani port kamodzi kokha pa ntchito yonse. Ndinaonapo script imene inkatsegula ndi kutseka port pa mzere uliwonse, Arduino n'kumadzuka mwatsopano nthawi iliyonse, n'kuiwala pamene peni ili. Wachitatu, ok satanthauza kuti peni yafika. Amatanthauza kuti Grbl yamva mzerewo n'kuuika pamzere wodikira. Mukafuna kudziwa kuti kujambula kwathadi, tumizani G4 P0.1 pomaliza, chifukwa ok wake amabwera zonse zam'mbuyo zitatha, kapena muzifunsa ? mpaka muone Idle.

Musanakayikire chingwe, yesaninso fayilo yeniyeniyo. Lembani $C kuti Grbl ilowe mu check mode, mutumize fayilo yonse. Imawerenga mzere uliwonse popanda kuyendetsa mamota, n'kukuuzani pamene pali cholakwa. Error:20 ndi lamulo limene Grbl silidziwa, monga M6 kapena M280 ya Marlin, zimene ma extension ena a pulogalamu yojambulira ya Inkscape amaika. Error:22 ndi G1 yopanda F ya liwiro. Error:11 ndi mzere wotalika kupyola zilembo pafupifupi 80, kawirikawiri chifukwa cha manambala ambiri kumanja kwa dontho. Atatu okha ndi okwanira pa peni. Error:33 imakonda kubwera pa G2 ndi G3 pamene manambala a uta sakugwirizana. Mukatha lembaninso $C kuti mutuluke.

Chachisanu ndi chimodzi: ikuyamba bwino, n'kufera panjira

Ili ndiye vuto lowawa, chifukwa limabwera pepala litajambulidwa theka, ndipo silibwera nthawi imodzimodzi. Musathamangire kuyambitsanso. Khalani kaye pansi muwerenge mizere yomaliza pa console, windo loonetsa mayankho a Grbl, ndipo musiye Device Manager yotsegula pambali. Imfa zake zilipo za mitundu ingapo, ndipo uliwonse umasiya mapazi ake.

Mukaona moni uja, Grbl 1.1h, atatulukiranso pakati pa ntchito, Arduino inazima n'kudzukanso. Wokayikiridwa woyamba ndi servo ya peni. Ambiri timaidyetsa kuchokera pa 5V ya Arduino, imene ikuchokera ku USB, ndipo USB 2.0 imalonjeza 500mA yokha. SG90 ikakakamira, mwachitsanzo pokankhira peni pathabwa mwamphamvu, imatha kukoka magetsi ofika pamenepo payokha, 5V n'kugwa kwa kanthawi. Onani ngati imfayo imachitika pamene peni ikukwera kapena kutsika. Zulani servo, muyendetse fayilo yomweyo m'malere. Ikatha bwino, mwamupeza. Ipatseni servo magetsi akeake kudzera pa buck converter monga LM2596, yotsitsa 12V kufika 5V, ndipo GND yake muilumikize ndi GND ya Arduino. Mukaiwala GND imeneyi servo imangonjenjemera yokha.

Port ikasowa mu Device Manager, Windows n'kulira kaphokoso kaja kozula USB, vuto lili pachingwe kapena paphokoso la magetsi. Gwedezani chingwe pang'onopang'ono pabowo la Arduino muone ngati chikudula. Chimangirireni pathabwa kuti kugwedezeka kwa makina kusachikoke. Chipatuleni kutali ndi mawaya a mamota, asayende limodzi mumtolo umodzi, ndipo ngati muli ndi chingwe chokhala ndi kachotupa ka ferrite kumapeto, gwiritsani ntchito chimenecho. Kenako yesani izi: zulani chaja ya laputopu, mujambule pa batire lokha. Vuto likatha, phokoso likudutsa pa chaja. M'nyumba zambiri muno timabaya mapulagi a mano awiri m'masoketi athu a mano atatu potsegula ndi kamtengo, earth n'kukhala palibe, ndipo pa invata zotchipa phokosolo limachuluka. Mu Power Options zimitsaninso USB selective suspend, ndipo laputopu isagone pamene ikujambula.

Mukaona ALARM:1 pamene ngolo ili pakati pa pepala, kutali ndi switchi iliyonse, mawaya a maswitchi a malire atola phokoso la mamota. Ikani $21=0 kuti Grbl isamvere maswitchiwo, muyesere. Ikasiya, patulani mawayawo ndi a mamota, muike kapasita ya 100nF pakati pa pini ya switchi ndi GND, kenako mubwezere $21=1. Amene mukuyendetsa servo ndi Grbl yosinthidwa, kumbukirani kuti uthenga wa servo umatulukira pa D11, pini imene pa CNC Shield v3 inalembedwa kuti Z+, ndiye musaikepo switchi.

Pali imfa ina imene ife a kuno tiyenera kuidziwa bwino, ndipo console siyionetsa n'komwe. Magetsi akazima pakati pa ntchito, laputopu imapitirira pa batire, Arduino imapitirira pa USB, ma ok amangobwera mwadongosolo, koma 12V yapita ndipo mamota aima. Grbl sidziwa. Magetsi akabwerera patapita mphindi ziwiri, peni imayambiranso pamalo olakwika, n'kujambula pamwamba pa zimene inajambula kale. Munthu amene anatuluka panja nthawiyo amabwera n'kuganiza kuti uthenga unatayika m'chingwe. Ife tinathetsa izi podyetsa shield kuchokera ku batire la sola la 12V, titaika fyuzi pa waya wofiira pafupi ndi batirelo.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Miyezi ya mvula, chinyezi chochokera kuphiri chikalowa m'nyumba, timawaya ta Dupont timachita dzimbiri mkati mwa timapulagi take, ndipo waya wooneka bwino kunja amagwira lero, mawa n'kusiya. Amene akugwedera muwadule, muwotcherere ndi solder kapena muwamange pa screw terminal.

Amene simukudutsa pa USB

Ngati mukulumikiza Raspberry Pi, ESP32 kapena HC-05 molunjika kumapini a Arduino, zonse zam'mwambazi zikugwirabe, kuwonjezapo zinthu zitatu. TX ya uku ipite ku RX ya uko, RX ya uku ku TX ya uko. Pakamwa palunjike khutu. Mukalumikiza TX ku TX, onse akuyankhula, womvera palibe. GND ya mbali zonse ziwiri ilumikizidwe, ngakhale chilichonse chili ndi magetsi akeake, chifukwa popanda imeneyo palibe poyezera kuti uyu ndi 1 uyu ndi 0. Ndipo Uno imatulutsa 5V pa TX, pamene Pi, ESP32 ndi RX ya HC-05 ndi za 3.3V. Ikani ma resistor awiri, 1k kuchokera ku TX ya Uno ndi 2k kupita ku GND, mutenge uthenga pakati pawo. HC-05 yatsopano imayankhula pa 9600, choncho muyenera kulowa mu AT mode, imene ili pa 38400, n'kuisinthira ku 115200 isanamvane ndi Grbl. Ine ndimalangiza kuti loboti iyambe yajambula fayilo yonse pa USB kangapo musanaikepo Bluetooth, ndipo poyesa Bluetooth chingwe cha USB chisakhale chotsegula port nthawi yomweyo.

Loweruka lija, titatseka Serial Monitor, moni anabwera nthawi yomweyo, koma ntchito inali isanathe. Posinthanitsa timabolodi mnyamata uja anali atasuntha jampala imodzi pansi pa A4988 ya Y, ndiye G1 Y10 inkayenda mamilimita 20. Tinazimitsa 12V, tinabwezera jampalayo, tinayeza ndi rula mbali zonse ziwiri, ndipo iye analemba m'kope tsiku, nambala ya COM, ndi mndandanda wonse wa $$. "Amalume, tiyambe ndi chiyani?" Ndinamuuza kuti ayike pepala latsopano, akweze peni, ayendetse mapu a Chilwa aja m'malere kaye mpaka ? anene kuti Idle, kenako atsitse peni.